Galu wanga amasambira bwino koma akukana kudumphira m'madzi kuchokera pansanja ya padoko

Mwini Mphezi:

Moni kwa nonse amene mumaweta agalu. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa mtendere kwa milungu itatu tsopano, ndipo ndikupempha amene munadutsamo kale kuti mundiunikire. Ndili ndi galu wamkazi wa miyezi 7, dzina lake Mphezi, amene make ndi wa mtundu wa Labrador koma tate wake sadziwika. Kuyambira ali ndi miyezi 4 ndakhala ndikupita naye kumadzi, ndipo pa kusambira pokha alibe vuto lililonse, chifukwa ndikamuponyera mpira ndili pamchenga amalowa yekha, n'kusambira mpaka kukautenga, n'kubwera nawo kudzausiya pamapazi anga.

Vuto lili pansanja ya matabwa imene inamangidwa molowera m'madzi, pamene anthu amakocheza mabwato. Nsanjayo inatalikira pamwamba pa madzi pafupifupi masentimita 70. Ndikaponya mpira ndili pamenepo, Mphezi amathamanga ndi liwiro lake lonse mpaka kumapeto, koma akafika pathabwa lomaliza amaima mwadzidzidzi, n'kutsitsa chifuwa pansi matako ali m'mwamba, n'kumalira akuyang'ana mpirawo. Nthawi zina amatambasula mwendo umodzi ngati akufuna kukhudza madzi, kenaka amabwerera m'mbuyo, n'kuthamanga nsanja yonse kukatsikira kumchenga, n'kukautenga mpirawo mozungulira. Zimenezi wachita kambirimbiri, moti tsopano sachedwanso n'komwe kumapeto kuja, amangotembenuka nthawi yomweyo.

Munthu wina amene anandipeza kumeneko anandiuza kuti ndikutaya nthawi, ndingomukankha kamodzi kokha ndipo akaona kuti sanafe adzazolowera. Kunena zoona mtima wanga sunavomere, chifukwa galuyu amandikhulupirira kwambiri ndipo sindikufuna kuti ayambe kundiopa, komabe sindikudziwa njira ina yoti ndingatsate.

Mafunso anga ndi awa. Kodi pa msinkhu wake ndi woyenera kuyamba kudumpha, kapena ndikufulumira? Kodi pali amene anamukankhapo galu wake zinthu n'kuyenda bwino? Ndipo ngati kukankha n'kulakwa, ndiyambire pati kuti iye mwini afike posankha kudumpha? Ndinamva kuti kuli mipikisano ya masewero amenewa, ndipo ngati angawakonde ndingasangalale kudzamufikitsa kumeneko, koma pakali pano ndikungofuna kuti asangalale ndi madzi popanda mantha.

Mphunzitsi wa Agalu:

Zikomo a Mwini Mphezi chifukwa chofunsa musanachite zimene anakuuzanizo. Ndiyambe ndi funso lanu lachiwiri, popeza ndi limene lingawononge zonse mukaliphonya. Musamukankhe, musamunyamule n'kumuponya, ndipo musamukokere m'madzi ndi chingwe. Galu amene wakankhidwa saphunzira kuti madzi ndi abwino, koma amaphunzira kuti kumapeto kwa nsanja ndi pamalo pamene mwini wake amasandukira munthu wosadalirika, ndipo tsiku lotsatira mudzaona akukana ngakhale kukwera pansanjapo mukakhala kuti muli kumbuyo kwake.

Muyenera kudziwa kuti kusambira ndi kudumpha ndi ntchito ziwiri zosiyana m'mutu mwa galu. Akamalowa kuchokera kumchenga, mapazi ake amakhala akumva pansi mpaka madzi atamunyamula, choncho palibe nthawi imene amakhala m'malere. Pansanja ayenera kusiya pamalo pamene akupadziwa n'kudziponya pamene sakupadziwa. Komanso madzi akakhala oyera ndi abata, galu amavutika kuzindikira pamene pali pamwamba pa madziwo. Maso ake amapyola n'kukaona miyala ya pansi, ndiye kwa iye zimakhala ngati mukumuuza kuti adziponye m'dzenje lakuya lopanda kanthu. N'chifukwa chake amatambasula mwendo kuti akhudze, akufuna kudziwa pamene madziwo ayambira. Kulira kumene mukukunenako kusakudetseni nkhawa, chifukwa kukusonyeza kuti mpirawo akuufuna kwambiri. Galu wovuta kuphunzitsa ndi amene amafika kumapeto n'kuyamba kununkhiza zina, osalabadira chimene chaponyedwa.

Musanamuphunzitse chilichonse, lowani m'madzimo inu nomwe ndipo muyende pamalo ponse pamene angagwere. Madzi akhale akuya mamita 1.2 kapena kuposa, umene ndi muyeso womwe amatsata pa maiwe a mipikisano. Fufuzani ndi mapazi ngati pali zitsa zomira, zitsulo, zingwe za mabwato kapena mbedza, pakuti pamalo pokocheza mabwato sipasowa zoterezi. Mukatero yang'anani matabwa a nsanjayo. Ngati ndi oterera akanyowa, kapena ngati pali mipata imene chala cha galu chingakodwemo, yalanipo kapeti wakale kapena mphira wosaterera ndipo mumumangirire kuti asasunthe. Agalu ambiri amene eni ake amawayesa amantha amakhala kuti akuopa kuterereka, ndipo akangomva kuti zikhadabo zawo zikugwira bwino amasintha tsiku lomwelo.

Chachiwiri, muonetseni potulukira. Sambirani naye kuchokera pafupi ndi kumapeto kwa nsanja mpaka kumtunda kangapo konse, kuti adziwe kuti akagwera pamenepo njira yobwerera ili kuti. Galu amene sakudziwa potulukira amayesa kukwera pansanja pomwe wadumphirapo, amakanda matabwa mpaka kutopa, ndipo mantha a nthawi imeneyo sachoka msanga.

Tsopano za kutalika. Masentimita 70 ndi ambiri kwa woyamba kumene, moti ngakhale nsanja za pa mpikisano zimakhala pafupifupi masentimita 60 pamwamba pa madzi. Funani malo otsika, kaya ndi mwala wathyathyathya, kaya ndi gombe limene madzi ake amayamba kuya pomwepo, kaya ndi mbali ina ya nsanja imene ili masentimita 10 kapena 20 okha pamwamba pa madzi. Pamenepo ndi pamene ayenera kuphunzirira kuti miyendo inayi ikhoza kuchoka pansi nthawi imodzi popanda choipa kumuchitikira. Inu imani m'madzi moyang'anana naye, gwirani chidole, menyani madzi ndi dzanja kuti aone pamwamba pake, ndipo muitaneni ndi mawu osangalala. Galu wamng'ono amalimba mtima kudumphira kumene kuli mwini wake kusiyana ndi kudumpha mwini wake atatsala kumbuyo.

Ndikuganiza kuti cholakwika chachikulu pa zimene mwafotokoza ndi mtunda umene mukuponyera mpira. Mukauponya kutali, galu amaona kuti ngakhale atadumpha saufikira, ndiye amasankha njira imene akuidziwa, yozungulira kumchenga, ndipo nthawi iliyonse imene wautenga mozungulira mumakhala mwamupatsa mphoto pa chinthu chimene simukuchifuna. Ponyani pafupifupi mita imodzi kapena imodzi ndi theka kuchokera m'mphepete. Mukaponya pafupi kwambiri adzaweramira pansi n'kugwa chamutu, madzi n'kumulowa m'mphuno, ndipo zimenezo sadzazikonda. Akatembenuka kuti azungulire musamukalipire, koma munthu amene ali m'madzi atole chidolecho mwakachetechete, kuti galu akafika apeze palibe kanthu. Akachita zimenezi kawiri kapena katatu amazindikira yekha kuti njira yozungulira yasiya kupindula.

Chidole chake chikhale choyandama ndipo chizituluka pa nthawi ya masewero amenewa yokha, osati kumangokhala pabwalo tsiku lonse mpaka kumukola. Sankhani chamtundu wa buluu kapena wachikasu, chifukwa maso a galu amasiyanitsa bwino mitundu iwiri imeneyi, pamene zofiira ndi zobiriwira amaziona mozimiririka. Masiku amene simunapite kumadzi, muzikokerana naye chidolecho ndi kumuponyera pa udzu kwa mphindi zochepa, n'kuchibisa iye akuchifunabe.

Ulendo uliwonse usapitirire mphindi 10. Ngati wayima m'mphepete kwa mphindi imodzi kapena ziwiri osadumpha, musapitirize kumunyengerera mpaka atatopa, koma bwererani naye kumchenga, mumuponyere pamene amatha mosavuta, kuti apite kunyumba atapambana. Ndipo dziwiranitu kuti kudumpha kwake koyamba sikudzakhala kokongola, mwina adzangotsetsereka chamimba n'kugwera m'madzi kuti phava. Muyamikireni ngati wachita chachikulu, mubwereze kamodzi kapena kawiri, n'kulekeza pomwepo ngakhale mtima wanu ukufuna kupitiriza.

Mayi Woweta Agalu Awiri:

Mwafunsa ngati pali amene anamukankhapo galu wake, ndipo ine ndine mmodzi wa iwo, choncho ndikuuzeni zimene zinandichitikira. Galu wanga wamphongo anali ndi miyezi 9, ndipo ankachita chimodzimodzi ngati wanuyo. Tsiku lina nditatopa ndi kudikira ndinamukankha pang'ono kumatako. Sanavulale, anasambira n'kutuluka bwinobwino, koma atatuluka sanabwere kwa ine, anakaima patali akundiyang'ana mchira ataupinda. Kuyambira tsiku limenelo, ndikangoyandikira kumbuyo kwake pansanja ankagona pansi n'kuumirira matabwa ndi zikhadabo, ndipo kwa kanthawi anasiyanso kulowa m'madzi ngakhale kuchokera kumchenga, kumene poyamba ankalowa mosangalala. Zinanditengera miyezi yambiri kuti ndibwezeretse zimene ndinawononga m'kamphindi kamodzi, ndipo mpaka lero ndikakumbukira mmene anandiyang'anira tsiku lija mtima umandipweteka.

Chimene chinatithandiza ndi galu wina wamkulu wa mnzanga, amene ankadumpha kale mopanda mantha. Ndinkamugwira wangayo pachifuwa mofatsa tili chapakati pa nsanja, iye n'kumaonerera mnzake akudumpha ndi kutenga chidole chake chomwe. Nsanje ya galu pa chidole ndi yamphamvu kuposa mawu onse amene munthu angalankhule. Tsiku lachitatu anayamba kuuwa ndi kudzikoka kuti ndimusiye, ndipo nditamusiya anapita yekha osayang'ananso m'mbuyo.

Ndichenjeze chinthu chimodzi pa njira imeneyi. Musawasiye agalu awiri kudumpha nthawi imodzi, ndipo musamusiye wamng'onoyo pamene wamkulu ali pansi penipeni pa nsanja, chifukwa akhoza kumugwera pamsana kapena kulimbirana chidole ali m'madzi akuya. Dikirani kuti wamkuluyo ayambe kulowera kumtunda, kenaka ponyani chidole china cha wamng'onoyo. Komanso sindikunena kuti njira imeneyi ilowe m'malo mwa zimene a Mphunzitsi afotokoza. Ine ndinayambanso ndi malo otsika, ndipo galu wamkulu uja anangothandiza pa sitepe yomaliza.

Wothandiza Kuchipatala cha Ziweto:

Ndikugwirizana ndi zambiri zimene zanenedwa, koma funso loyamba la a Mwini Mphezi, lokhudza msinkhu, silinayankhidwe mokwanira, ndipo pamenepo ndikufuna kupempha kuti tisathamange. Kumapeto kwa mafupa aatali a mwana wa galu kumakhala kachigawo kofewa kumene fupa limakulira, ndipo kwa agalu akuluakulu ngati Labrador kachigawo kameneka kamamaliza kulimba galu ali ndi miyezi yapakati pa 12 ndi 18. Anthu amati madzi ndi ofewa ndiye palibe choopsa, koma amaiwala kuti ntchito yolemetsa imachitikira pamatabwa, pamene galu amathamanga, kuima mwadzidzidzi, kupotoloka ndi kudzikankha ndi miyendo yakumbuyo. Kuima mwadzidzidzi kumene Mphezi akuchita tsiku ndi tsiku kukundidetsa nkhawa kuposa kudumpha kwenikweniko. N'zoona kuti mipikisano yambiri imalola galu wa miyezi 6, koma kuloledwa sikutanthauza kuti thupi lake lakonzeka kuchita zimenezo kambirimbiri. Pa miyezi 7 muloleni asambire, adumphe pamalo otsika maulendo atatu kapena asanu pa tsiku, masiku ena apume, ndipo za kuthamanga nsanja yonse zidikire mpaka atapitirira chaka. Ngati mungathe, dokotala wa ziweto ayambe wamuona m'chiuno ndi m'zigongono, chifukwa mtundu wa make umadziwika ndi mavuto a malo amenewa.

Pa msinkhu umenewunso agalu ambiri amadutsa m'nyengo imene amachita mantha ndi zinthu zimene dzulo sankaziopa, ndipo chowaopsa pa nthawi imeneyi chimakhazikika kwambiri. Ichi ndi chifukwa chinanso chosamukakamizira.

Chinthu chimene eni agalu ambiri sachidziwa ndi kuopsa kwa kumeza madzi ochuluka. Galu akamasambira atanyamula mpira waukulu wozungulira, kukamwa kwake kumakhala koyasama, ndipo amameza madzi pang'onopang'ono ulendo uliwonse. Madziwo akachuluka m'thupi amasungunula mchere wa m'magazi, ubongo n'kuyamba kutupa. Zizindikiro zake ndi kufooka, kusanza, kutupa mimba, kuyenda modzandira, kutuluka dovu lambiri ndi nkhama zotuwa, ndipo zikafika poipa galu amakomoka ndipo akhoza kufa. Mukaona zoterezi pambuyo posambira, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo osadikira kuti muone mmene kuchere. Njira yopewera ndi yosavuta: m'malo mwa mpira gwiritsani ntchito chidole chathyathyathya kapena chachitali chopyapyala chimene angachilume kukamwa kutatsekeka, ndipo mukatha mphindi 10 kapena 15 mutulutseni apume ndi kukodza. Kwa amene mumasambitsa agalu m'madzi amchere, kumeza madzi ambiri kumabweretsa vuto lina, la mchere wochuluka m'thupi, choncho muzinyamula madzi akumwa abwino.

Yang'ananinso madziwo tsiku lililonse musanamulowetse. M'nyengo yotentha, m'madzi osayenda mumatha kumera ndere zina zimene zimaoneka ngati penti wobiriwira wotayikira pamwamba pa madzi kapena ngati thovu losonkhana m'mphepete. Zina mwa nderezi zimatulutsa poizoni amene amawononga chiwindi kapena mitsempha, ndipo zikhoza kupha galu m'maola ochepa, ngakhale atangonyambita ubweya wake atatuluka. Simungasiyanitse ndi maso ndere zakupha ndi zosapha, choncho mukaona madzi otero bwererani. Funsaninso dokotala za katemera wa leptospirosis, matenda amene tizilombo take timafalikira m'madzi kudzera mumkodzo wa makoswe ndi nyama zina, ndipo amagwiranso anthu.

Zotsalazi ndi zazing'ono koma zimachitika kawirikawiri. Agalu a makutu ogwa amasunga chinyezi m'makutu, ndiye mukatha kusambira mupukuteni bwino, ndipo mukaona akupukusa mutu, akukanda khutu kapena khutu likununkha, mupite naye akamuone. Galu akasambira nthawi yaitali, makamaka m'madzi ozizira, mchira wake umatha kulefuka n'kumangolendewera, ndipo amamva ululu mukaugwira patsinde. Nthawi zambiri zimatha m'masiku ochepa akapuma, koma ndi chizindikiro chakuti munamuchulutsira. Musamuseweretse atangodya kumene. Muvuleni unyolo wa m'khosi ndi chilichonse chimene chingakodwe pamsomali, ndipo masiku oyambirira ndi bwino kumuveka jekete yoyandamitsa yokhala ndi chogwirira pamsana, kuti ngati wasokonezeka muthe kumuwongolera kumtunda popanda kumugwira pakhosi.

Mwini Mphezi:

Ndikuthokoza nonse atatu, ndipo Mayi, zikomo chifukwa chosabisa zimene zinakuchitikirani, pakuti nkhani yanu ndi imene inandichotseratu maganizo aja. Ndabweranso patatha milungu iwiri kuti ndikuuzeni mmene zayendera. Nditalowa m'madzi kuti ndifufuze, ndinapeza chingwe chakale chomangidwa kumwala, chili pamalo enieni pamene ndinkaponyera mpira, ndipo ndinachita mantha poganiza kuti mwendo wake ukanakodwa pamenepo ndikanamukankha. Ndinachichotsa. Kenaka ndinapeza mbali ina ya nsanja imene ili yotsika, pafupifupi masentimita 20 pamwamba pa madzi, pamene madzi ake amandifika pachifuwa, ndipo ndinayalapo kapeti wakale. Mpira ndinausiya n'kupeza chidole chachitali chachikasu.

Masiku atatu oyamba anangolira ndi kuvinavina m'mphepete, ndipo ndinkabwerera naye kumchenga monga munandilangizira. Tsiku lachinayi, ine ndili m'madzi ndikumenya madzi ndi chidole, anatsetsereka chamimba n'kugwera patsogolo panga, ndipo atatuluka anathamangira yekha pansanja kuti abwereze. Sindingathe kufotokoza mmene ndinasangalalira. Pano amadumpha maulendo anayi pa tsiku, masiku atatu pa mlungu, ndipo njira yozungulira ija anaiiwala.

Komabe ndili ndi funso lina. Ngakhale saopanso, amafikabe m'mphepete n'kuima kaye, kenaka n'kudzigwetsa pafupi pomwepo, osati kudumpha motambasuka ngati agalu amene ndimawaona pa makanema. Kodi chizolowezi choima chimenechi chidzatha chokha, kapena ndiyenera kuchikonza panopa chisanakhazikike? Ndipo a Mphunzitsi, mungandifotokozereko mmene mipikisano ija imayendera, kuti ndidziwe chimene ndikukonzekera?

Mphunzitsi wa Agalu:

Mwachita bwino kwambiri, ndipo ndavomereza zimene a kuchipatala anena za msinkhu, kotero zonse zimene ndifotokoze pano muzichite pamalo otsika omwewo mpaka chaka chitakwana.

Kuimako kumakonzeka, ndipo ndi bwino kuyamba panopa. Nthawi zambiri galu amaima chifukwa wayambira kutali, ndiye pofika m'mphepete amakhala ndi liwiro limene sakudziwa chochita nalo. Muyambitseni pafupi, mamita awiri okha kuchokera kumapeto, kuti aponde kawiri kapena katatu n'kunyamuka. Wina amugwire pachifuwa, inu muponye chidole iye akuona, muwerenge mpaka katatu kuti chilakolako chikwere, kenaka amusiye. Akadumpha osaima kwa masiku angapo otsatizana, mubwezeni m'mbuyo theka la mita, ndipo tsiku limene waimanso dziwani kuti mwafulumira, bwererani pamene ankatha. Chidole nachonso muzichisunthira kutali pang'onopang'ono, kuti chizikhala patsogolo pang'ono pa pamene anagwera ulendo wathawo. Inuyo muyambe kutuluka m'madzi, poyamba kuima m'mbali, kenaka kukhala pansanja, kuti asazolowere kudumpha pokhapokha mukakhala kutsogolo kwake.

Za mipikisano, masewerowa anayamba kudziwika ku United States mu 1997 pa chionetsero cha Incredible Dog Challenge, ndipo anatchuka kwambiri kuyambira mu 2000 ataonetsedwa pa wailesi yakanema ya ESPN. Mabungwe monga DockDogs ndi North America Diving Dogs ndi ena mwa amene amayendetsa mipikisanoyi. Nsanja yake imakhala yaitali pafupifupi mamita 12, yoyalidwa kapeti wonga udzu, ndipo mtunda amauyeza kuchokera kumapeto kwa nsanja mpaka pamene tsinde la mchira lakhudza madzi, osati pamene pafika mphuno kapena mapazi akutsogolo. Galu sayenera kuchigwira chidolecho kuti mtunda wake uwerengedwe, ndipo kukankha galu n'koletsedwa. Agalu amagawidwa m'magulu molingana ndi mtunda umene amadumpha, choncho wodumpha mamita awiri amapikisana ndi anzake a mamita awiri. Mu 2019 galu wa mtundu wa Whippet wotchedwa Sounders anadumpha mamita 11.02, ndipo a Guinness World Records anaulemba mtunda umenewu m'buku lawo. Palinso mpikisano wodumphira m'mwamba kukagwetsa chidole chopachikidwa, ndi wina woona liwiro la kusambira.

Njira zotumizira galu zilipo ziwiri. Yoyamba ndi imene mukuchita kale, yoponya chidole m'madzi galu akuona, n'kubwerera naye m'mbuyo, n'kumusiya. Ndi yosavuta, koma galu amadumpha chathyathyathya chifukwa maso ake ali pansi pamene pali chidole. Yachiwiri ndi yoti galu amakhala yekha kumayambiriro kwa nsanja, inu n'kuima kumapeto, n'kumuitana, ndipo akatsala pang'ono kufika mumaponya chidole patsogolo pa mphuno yake, chokwera pang'ono, kuti achithamangire m'malere. Imeneyi ndi imene imabweretsa kudumpha kotambasuka kumene mukukusirirako, chifukwa mutu ukayang'ana m'mwamba thupi limatsatira. Koma imafuna zinthu ziwiri zimene mungayambe kuzikonza lero popanda kulemetsa mafupa ake. Mphezi aphunzire kukhala pansi n'kudikira inu mukuchoka mutanyamula chidole, ndipo zimenezi muziphunzitse pabwalo pa nyumba, kuyambira masitepe awiri mpaka mamita 12. Inunso muphunzire kuponya, chifukwa mukaponya mochedwa galu amakhala atanyamuka kale, mukaponya mofulumira amachepetsa liwiro kuti aone kumene chagwera, ndipo mukaponya m'mwamba kwambiri kapena chammbali amapotokola thupi m'malere n'kugwa chagada kapena chanthiti, zimene zimapweteka ndipo zikhoza kubweza mantha aja. Tengani ndowa, muiike pa udzu mamita anayi patsogolo panu, ndipo muziponyamo chidolecho chamunsi, dzanja likuchokera pantchafu, galu ali m'nyumba, mpaka chizigwera molunjika maulendo ambiri otsatizana.

Pansanja yaitali ija ya masentimita 70 musabwerereko panopa. Akadzakwanitsa chaka ndipo dokotala atamuona, mudzayambe ngati mukuyamba kumene, inu muli m'madzi, chidole chili pa mita imodzi ndi theka, iye akuyambira mamita awiri kuchokera kumapeto, ndipo kapeti uja mudzamusamutsire kumeneko.